Chilimwe cha ku Edinburgh: kumene ndimapita, kumene ndimadya ndi mmene ndimatetezera thumba langa

Ndimakhala ku Edinburgh, likulu la dziko la Scotland, ndipo ndimagwira ntchito panyumba ina yosamaliramo okalamba. Chaka ndi chaka Ogasiti akamayandikira ndimamva abale athu, makamaka obwera kumene, akunena kuti zikondwerero za mumzinda muno ndi za azungu ndi alendo a ndalama, ife zathu ndi shifiti basi. Mawu amenewa amandiwawa. Anthu amakwera ndege kuchokera ku Australia, ku America ndi ku Japan kudzaona zinthu zimene ife tili nazo pakhomo, ndiye ife n'kumangozipenyera pawindo la basi tikupita kuntchito. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ine ndimachitira, chifukwa zambiri mwa zinthu zabwino za nyengo imeneyi ndi zaulere kapena zotchipa, bola munthu adziwe kolowera.

Muyambe mwadziwa nyengo yake. Kumapeto kwa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 usiku, ndipo isanakwane 5 koloko m'mawa kumakhala kutayera kale. Munthu woweruka 8 koloko madzulo amatuluka panja n'kupeza kukuwala, anthu ali khale pa udzu, ana akusewera mpira. Nthawi imeneyo ndi mphatso, musaitayire pa sofa. Koma musanyengedwe ndi mawu oti chilimwe. Masiku ambiri kutentha sikudutsa madigiri 20, ndipo tsiku limodzi lomwelo mutha kuona dzuwa, mphepo ndi mvula. Palinso nkhungu yochokera kunyanja imene anthu akuno amaitcha haar. Imabwera ngati chiperoni cha ku Thyolo, n'kukuta mzinda wonse pamene m'madera ena a kumtunda dzuwa likuswa mtengo. Jekete lopepuka losalowa madzi lisachoke m'chikwama chanu. Ambulera kuno sathandiza kwenikweni, mphepo imamutembenuza.

Zochitika zimayamba mu Juni, alendo asanachuluke, ndipo kwa ine umenewu ndiye mwezi wa eni mzinda. Pa bwalo lalikulu la The Meadows pamachitika Meadows Festival, kulowa kwake kwaulere, kuli oimba, ogulitsa zovala ndi mabuku akale, ndi zakudya. Ku Leith kumakhala Leith Festival, ndipo tsiku lake lalikulu limachitikira pa Leith Links. Amene munakulira kumudzi n'kumaweta ng'ombe, yesetsani kamodzi kupita ku Royal Highland Show ku Ingliston, pafupi ndi bwalo la ndege. Kumeneko kulowa n'kolipira, koma mudzaona ng'ombe za ubweya wautali ndi nyanga zotambalala, mpikisano wometa nkhosa ndi mathirakitala a mitundumitundu. Mu Julaye mumabwera Edinburgh Jazz and Blues Festival, ndipo pa nthawi yake pamakhala tsiku la carnival pamene magulu a ng'oma ndi ovina amadzaza pakati pa mzinda, oonerera osalipira kanthu. Makolo dziwani kuti sukulu za ku Scotland zimatseka kumapeto kwa Juni n'kutsegulira pakati pa Ogasiti, mosiyana ndi za ku England. Ngati mukufuna kuyenda ndi ana masana pa nthawi ya zikondwerero zikuluzikulu, muli ndi masabata oyambirira a Ogasiti okha.

Ogasitiyo ndiye mwini nkhani. Zonse zinayamba mu 1947, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, pamene anakhazikitsa Edinburgh International Festival pofuna kuti anthu a ku Ulaya akumanenso pa nyimbo ndi zisudzo m'malo mwa mfuti. Chaka chomwecho magulu 8 a zisudzo amene sanaitanidwe anabwera okha n'kudzipezera malo ochitira masewero awo m'mphepete mwa chikondwererocho. Ndimo munabadwira Fringe, imene lero inakula kuposa kholo lake. Mu 2019 matikiti ogulidwa anapitirira 3 miliyoni, mumzinda wa anthu pafupifupi theka la miliyoni, ndipo masewero amaposa 3,000 pa masabata atatu okha. Mpaka pano palibe komiti yosankha kuti uyu achite, uyu asachite. Aliyense amene wapeza malo ndi kulipira kalembera amaloledwa. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo imachititsa kuti pa tsiku limodzi muone sewero lokusiyani kukamwa kuli yasa, kenako lina loti mungolakalaka litatha. Zonsezo ndi Fringe, ndipo ine ndimaikonda chifukwa cha khomo lotsegukalo. Mnyamata wosadziwika amapatsidwa mpata womwewo umene katswiri wa pa TV wapatsidwa.

Poyambira pabwino ndi Royal Mile, msewu wakale wotsetsereka kuchokera ku Edinburgh Castle, linga lakale la pamwamba pa phiri, kukafika kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse. Chigawo chake cha pafupi ndi tchalitchi cha St Giles amachitseka kwa magalimoto, ndipo kuyambira m'mawa mpaka madzulo pamakhala amatsenga, oimba ndi ochita masewera odabwitsa. Tsiku lina ndinaima pamenepo ndi mwana wa mchemwali wanga kuonerera bambo wina. Anayamba ndi kuyala chingwe pansi mozungulira, n'kuitana ana kuti akhale kutsogolo. Kwa nthawi yaitali sanachite chilichonse chachikulu, ankangoseketsa anthu, kubwereka chipewa cha uyu, kupempha uyo kuti amugwirire makwerero, uku gulu likukula. Anthu atafika mazanamazana ndi pamene anakwera njinga ya gudumu limodzi yaitali kuposa munthu, n'kuyamba kuponya miuni itatu ya moto m'mwamba. Asanamalize anaima kaye pamwamba pomwepo, thukuta lili kamukamu, n'kufotokoza kuti palibe amene amamulipira kupatula ife oonerera. Atatsika anthu anakhamukira kuchipewa chake, ndipo pambali panali kamakina kogunditsa khadi. Abale anga, mukaonerera mpaka kumapeto, ponyanimo kangachepe. Imeneyo ndi ntchito ya munthu, ndipo anaiphunzira zaka zambiri. Ngati mulibe, muuzeni zikomo pamaso, osazemba chamumtima.

Pamsewu womwewo achinyamata adzakupatsani timapepala totsatsa masewero mpaka manja kudzaza. Nthawi zambiri wokupatsaniyo ndiye mwini sewero. Mufunseni kuti ndi la chiyani, ndi loyenera ana kapena ayi, likuyamba nthawi yanji. Ena amakupatsani tikiti yaulere kapena yotsitsa mtengo pompo, chifukwa kwa iwo chipinda chodzaza n'chofunika kuposa ndalama ya tsikulo.

Njira yachiwiri yosawononga ndalama ndi masewero amene amawatcha Free Fringe. Anayambitsa ndi wanthabwala wina, Peter Buckley Hill, mu 1996, ataona kuti ochita masewero akubwerera kwawo ndi ngongole chifukwa cha lendi ya malo. Masewerowa amachitikira m'zipinda za kuseri kwa mabala, m'zipinda zapansi ndi m'makalabu. Mumalowa osalipira, ndipo potuluka mwini sewero amaima pakhomo ndi ndowa. Ine ndikasangalala ndimaponya £5, nthawi zina kuposa apo. Fikani msanga chifukwa mipando ikatha yatha. Masewero a matikiti nawonso ali ndi nthawi yake yotchipa. Masiku oyambirira, pamene akuyesa kaye sewero, mtengo umakhala wotsika, ndipo Lolemba ndi Lachiwiri loyamba masewero ambiri amagulitsa matikiti awiri pa mtengo wa imodzi. Malo ena amatsitsiranso mtengo anthu okhala mumzinda muno, choncho musachite manyazi kufunsa ndi kutchula postcode yanu yoyamba ndi EH. Ofesi yogulitsa matikiti ili pa High Street, pa Royal Mile pomwepo, koma zambiri zimatheka pafoni.

Pali zinthu zingapo zoti mudziwiretu musanalowe. Masewero ambiri amatenga ola limodzi ndipo amayamba pa nthawi yake ndendende. Mukachedwa, malo ambiri sakulolani kulowa ndipo ndalama sibwezedwa. Onani msinkhu umene alemba pa sewero lililonse. Anthabwala akuno amatukwana kwambiri ndipo amakamba nkhani za kuchipinda ndi za chipembedzo mosabisa, moti mukapita ndi apongozi kapena abusa osafufuza mudzasowa poyang'ana. Ngati simufuna kufunsidwa mafunso pagulu, musakhale mzere wakutsogolo. Zipinda zambiri ndi zazing'ono ndipo zimatentha, tengani botolo la madzi. Kwa amene mukufuna poyambira posakayikitsa, yang'anani makwaya, magule ndi masewera a circus. Soweto Gospel Choir ya ku South Africa yakhala ikubwera ku Fringe kambirimbiri, ndipo kumva mawu a kwathu kummwera kwa Africa akudzaza holo yakale ya miyala, azungu ataimirira akuwomba m'manja, kumandigwetsa misozi.

Royal Edinburgh Military Tattoo ndi nkhani ina. Inayamba mu 1950 ndipo imachitikira pabwalo la kutsogolo kwa Castle, pamene amamanga mipando ya anthu pafupifupi 9,000 chaka chilichonse n'kuiphwasulanso. Magulu a asilikali oimba ochokera m'mayiko osiyanasiyana amaguba, ndipo oimba zitoliro za bagpipe ndi ng'oma akatuluka pachipata onse pamodzi nthaka imachita kunjenjemera. Matikiti ake ndi odula ndipo abwino amatha miyezi ingapo m'mbuyo. Ndi chinthu choti musungire ndalama n'kuonera kamodzi, mwina mayi akabwera kudzacheza. Pamwamba palibe denga, mvula ikagwa mwambo umapitirira, ndipo safuna maambulera chifukwa amatchinga anzanu. Valani zofunda ngakhale masana kunatentha. Chaka chimene mulibe tikiti, imani pa Princes Street kapena ku Grassmarket usiku, mudzamva nyimbo chapatali ndi kuona makombola owala akuphulika pamwamba pa Castle.

Malo amene ndimapumirako phokoso ndi chikondwerero cha mabuku, Edinburgh International Book Festival, chimene chinayamba mu 1983. Kuyambira 2024 chimachitikira ku Edinburgh Futures Institute pa Lauriston Place, nyumba imene kale inali chipatala chachikulu cha Royal Infirmary. Kumvera olemba mabuku n'kolipira, koma kulowa pamalopo, kukhala pabwalo ndi kuona mabuku n'kwaulere, ndipo ana amakhala ndi zochita zawo. Mvula ikakupezani mumzinda, thawirani ku National Museum of Scotland pa Chambers Street. Kulowa n'kwaulere, zimbudzi ndi zaukhondo, ndipo ana amakondwa kuona Dolly, nkhosa ija asayansi anaipanga kuchokera ku selo la nkhosa ina mu 1996. Mukamadutsa ku Princes Street Gardens, pafupi ndi chipilala chakuda cha Scott Monument, imani pang'ono muone chiboliboli cha David Livingstone. Ambiri amachipitirira osachizindikira. Ana athu obadwira kuno ayenera kudziwa kuti mzinda uno ndi dziko lathu zinadziwana kalekale, kuti Kamuzu Banda anaphunzirako za udokotala muno n'kumaliza mu 1941, ndi kuti dzina la Blantyre linachokera ku tauni ya kufupi ndi Glasgow kumene Livingstone anabadwira.

Tsopano za kudya, poti apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera osazindikira. Matikiti munthu amawawerengera ali kunyumba, koma njala imamupeza ali pamsewu, atatopa, ana akulira, ndiye amangolowa pakhomo loyamba limene waona. Lamulo langa ndi loti sindidya pa Royal Mile penipeni kapena m'mabwalo a zikondwerero, kupatula ngati ndikungofuna kanthu kakang'ono. Lendi ya malo amenewo ndi yokwera ndipo imabwera m'mbale yanu. Yendani mphindi khumi kulowera kummwera, ku Nicolson Street ndi Clerk Street, dera la ophunzira a ku yunivesite. Kumeneko kuli malo odyera a Amwenye, a ku Turkey, a ku Korea, a ku China ndi ena, ndipo mitengo yake anaiikira anthu a m'thumba mochepa. Pafupi ndi mzikiti waukulu wa pa Potterrow pali malo odziwika ndi dzina loti Mosque Kitchen. Mumaima pamzere, mumaloza curry amene mukufuna, amakupakulirani pa mpunga wodzaza mbale, n'kukakhala pa tebulo lalitali limodzi ndi anthu osawadziwa. Mudzakhala moyandikana ndi wophunzira, woyendetsa takisi ndi wazisudzo amene sanapukute n'komwe utoto kumaso. Mumatuluka mutakhuta, ndipo kwa abale athu Achisilamu nkhawa ya halal palibe.

Malo atsopano ambiri a zaka zaposachedwapa ndawaona akutsegulidwa ku Leith Walk ndi ku Leith kwenikweniko. Msewu umenewu unakumbidwa kwa zaka zingapo pomanga njanji ya tram, sitima yoyenda mumsewu, ndipo amalonda anavutika kwambiri. Kuchokera mu Juni 2023, pamene tram inayamba kufika ku Newhaven, dera lonse linadzukanso. Mukatsika nawo wapansi kuchokera pamwamba mpaka kumunsi mudzapeza ophika buledi, malo a khofi, a pizza, a zakudya za ku Vietnam, ku Poland ndi ku Italy, komanso mashopu a zakudya za ku Africa ndi ku Asia kumene timagula ufa, therere, chinangwa ndi nsomba zouma. Kumunsi, m'mphepete mwa madzi kumene amati The Shore, kuli malesitilanti apamwamba monga The Kitchin ndi Restaurant Martin Wishart, amene ali ndi nyenyezi za Michelin, ulemu umene umaperekedwa kwa malo ophika bwino koposa. Amenewo si a tsiku lililonse. Koma ngati pali chaka chaukwati kapena mwana wamaliza digiri, dziwani kuti malo otere chakudya chamasana chimatchipa kuposa chamadzulo, ophika ali omwewo.

Mukakhala gulu, wina akufuna nyama, wina sadya nkhumba, mwana akufuna tchipisi basi, pitani kumalo kumene ophika ambiri ali pansi pa denga limodzi. Mu St James Quarter, nyumba ya mashopu imene inatsegulidwa mu 2021 kumapeto a kum'mawa kwa Princes Street, muli Bonnie & Wild, kumene ophika osiyanasiyana a ku Scotland ali ndi khitchini zawo ndipo matebulo ndi a onse. Chapafupi pomwepo, pambali pa Omni Centre, pali Edinburgh Street Food imene inatsegulidwa mu 2023. Kumeneko mutha kukhala pansi, kujambula kachizindikiro ka patebulo ndi foni, n'kuitanitsa kuchokera kwa ophika angapo nthawi imodzi. Msika wa zakudya wa The Pitt, umene kale unali ku Leith, unasamukira ku Granton m'mphepete mwa nyanja kumapeto kwa 2024, ndipo tsiku la dzuwa ndi malo abwino kupita ndi banja. Malo ngati amenewa si otchipa kwenikweni, mbale imodzi imatha kupitirira £10, koma aliyense amadzilipirira zake ndipo sipakhala mkangano pa bilu. Loweruka kuli msika wa alimi pa Castle Terrace ndi wina ku Leith, Lamulungu kuli wa ku Stockbridge. Ophika ambiri amayambira pa tebulo la pamsika asanatsegule lesitilanti, choncho kumeneko mumalawa zatsopano pa mtengo wochepa ndipo mumacheza ndi wophika mwini.

Ndikamva kuti kwatsegulidwa malo atsopano, pali zimene ndimayang'ana ndisanakhale pansi. Choyamba ndi chiphaso cha ukhondo. Ku England amapereka manambala kuyambira 0 mpaka 5, koma ku Scotland amangolemba kuti Pass kapena Improvement Required, ndipo mutha kufufuza dzina la malowo pa intaneti kudzera ku Food Standards Scotland. Kenako ndimawerenga mndandanda wa zakudya umene amamata pawindo, mpaka timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi. M'menemo ndi mmene amalemba za service charge, ndalama yowonjezera ya 10 kapena 12.5 peresenti imene malo ambiri amaika pa bilu. Ikalembedwa kuti discretionary ndiye kuti muli ndi ufulu wopempha kuti aichotse. Ine akanditumikira bwino ndimaisiya, chifukwa ndikudziwa mmene miyendo imapwetekera ukaimirira tsiku lonse ukutumikira anthu, koma sindionjezeranso ina pamwamba. Madzi a pampopi ndi aulere pa malo alionse ogulitsa mowa, ndi lamulo, ndipo madzi a ku Scotland ndi abwino. Nenani momveka kuti mukufuna tap water, apo ayi akubweretserani a m'botolo olipira.

Chenjerani ndi mawu oti small plates, amene malo atsopano ambiri akuwakonda masiku ano. Ndinapita pa malo ena otere ndi mnzanga wa kuntchito, patangotha masabata ochepa atatsegula. Mkati munali mokongola, makandulo patebulo, khitchini yoonekera. Mitengo inkaoneka yabwino, mbale iliyonse yosafika £10. Mtsikana wotumikira anatifotokozera mwaulemu kuti munthu mmodzi amafunika mbale zitatu kapena zinayi. Yoyamba itabwera munali tizidutswa titatu ta nsomba, kasosi kobiriwira kodonthezedwa m'mbali ndi timasamba tiwiri pamwamba. Kukoma kwake sindingakane, nsombayo inkasungunuka mkamwa, ndipo wophikayo ankaidziwa ntchito yake. Koma mukawerengera mbale zinayi, chakumwa ndi service charge, mwafika pa ndalama ya zakudya za masiku angapo kunyumba. Malo otere ndi opitako kukalawa ndi kucheza, osati pochokera ku shifiti ya maola 12 m'mimba muli pululu. Funsani musanaitanitse kuti mbaleyo ndi yaikulu bwanji, palibe amene angakudabweni.

Pali njira zolawira malo atsopano mosaboola thumba. Ena asanatsegule mwalamulo amakhala ndi masiku oyeserera pamene amatsitsa mitengo kwambiri kuti antchito azolowere, ndipo amalengeza pa Instagram kapena pa Facebook. Pa masiku amenewo chakudya chimatha kuchedwa, khalani oleza mtima, akuphunzira. Malo ambiri ali ndi mndandanda wapadera wa masana kapena wa chakumadzulo anthu asanapite ku zisudzo, mbale ziwiri pa mtengo umodzi. Mu Ogasiti sungitsanitu tebulo, koma werengani bwino chifukwa ena amatenga nambala ya khadi ndipo mukapanda kubwera osawadziwitsa amadula ndalama. Ngati pali amene thupi lake limadana ndi mtedza, mkaka kapena china, nenani poyamba, malamulo akuno amawakakamiza kukuuzani zimene zili m'chakudya.

Musachoke m'chilimwe osalawa zakudya za eni dziko. Haggis amapanga ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, osakaniza ndi oats, anyezi ndi tsabola, ndipo amadyera mbatata ndi mpiru wa mizu zopondaponda. Alendo ambiri amachita naye mantha, koma munthu wodya zam'kati sadzaona chovuta. Cullen skink ndi supu wa nsomba yowamba, mbatata ndi mkaka, wabwino tsiku la nkhungu. Pogula nsomba ndi tchipisi, wogulitsa adzakufunsani mwaliwiro ngati mukufuna salt and sauce. Sosi ameneyo ndi wabulauni, wowawasa, ndipo ndi chizindikiro cha Edinburgh, ku Glasgow amathira viniga. Vomerani kamodzi muone. Malo abwino odyera zimenezi ndi kunyanja ku Portobello. Basi nambala 26 imakutengani kuchokera pa Princes Street, ndipo mukapitirira nayo mufika ku Musselburgh kumene kuli ayisikilimu wa S. Luca, banja lochokera ku Italy limene layendetsa malondawa kuyambira 1908. Madzi a m'nyanja ndi ozizira zedi ngakhale mu Julaye, koma ana amalowamo ndithu. Samalani mbalame zoyera za kunyanja, zimakwatula tchipisi m'manja.

Chimene ife timachita kawirikawiri, makamaka chakumayambiriro kwa Julaye pamene timakumbukira ufulu wa dziko lathu, ndi kuphika kunyumba n'kukadyera pa The Meadows. Uyu abweretsa mpunga, uyo nkhuku, wina mandasi ndi kachumbari, nsima itakulungidwa bwino kuti isazizire. Owotcha nyama agwiritse ntchito malo a simenti amene anaikidwira zimenezo, osati pa udzu, ndipo zinyalala tizinyamula. Kuchokera pamenepo ndi mphindi zochepa wapansi kufika ku George Square ndi Bristo Square, kumene mu Ogasiti kumakhala mahema a masewero. Ana akalowa m'mabwalo amenewo atakhuta kale, simudzavutika ndi kulirira chilichonse chimene aona.

Pa kayendedwe, mu Ogasiti mabasi odutsa pakati pa mzinda amachedwa, makamaka pa North Bridge ndi South Bridge pamene anthu amasefukira mumsewu. Amene muli ndi shifiti nyamukani msanga kuposa masiku onse, abwana sadzamva zoti kunali chikondwerero. M'mabasi a Lothian gunditsani khadi imodzimodzi tsiku lonse, pali malire a ndalama imene angakuduleni pa tsiku. Pa tram lipirani papulatifomu musanakwere. Ana ndi achinyamata osafika zaka 22 okhala ku Scotland amakwera basi ulere akakhala ndi khadi yawo, chimodzimodzi a zaka 60 kupita m'tsogolo, choncho ngati mwana wanu alibe khadiyo mulembetsereni chilimwe chisanafike. Pakati pa mzinda, miyendo imafulumira kuposa basi. Valani nsapato zafulati, misewu yakale ndi ya miyala ndipo zitunda n'zambiri.

Abale ochokera ku Leicester, Manchester kapena London amene mukufuna kubwera, malo ogona mu Ogasiti amakwera mtengo modabwitsa, ndipo kuyambira pa 24 Julaye 2026 khonsolo inaika msonkho wa alendo wa 5 peresenti pa mtengo wa chipinda. Ngati mulibe wachibale woti akusungeni, funani malo ku Glasgow kapena ku Fife n'kumabwera pa sitima. Kuchokera pa siteshoni ya Glasgow Queen Street kufika pa ya Waverley muno mu Edinburgh ndi ulendo wosakwana ola, ndipo mukatsika mwafika kale pakati pa zonse. Onetsetsani nthawi ya sitima yomaliza musanagule tikiti ya sewero la usiku.

Kwa ife okhala konkuno, malo odyera atsopano amene anali odzaza mwezi wonse amayamba kupezeka mipando sabata yoyamba ya Seputembala, mahema ataphwasulidwa ndi alendo atapita. Ophika amakhala atazolowera khitchini yawo, otumikira ali ndi nthawi yokufotokozerani chakudya, ndipo kunja kumakhala kukadali kowala mpaka cha m'ma 8 madzulo. Mayina a malo amene ndawaona ali ndi mizere mu Ogasiti ndimawalemba mufoni, ndipo ndimawayendera nthawi imeneyo, limodzi pa malipiro alionse.